Mtengo Womera Chozondoka M'kati mwa Kompyuta

Mphunzitsi aliyense amene anasungapo kaundula wa ana a sukulu akudziŵa bwino vuto la mwana wobwera mochedwa. Maina onse alembedwa kale motsata alifabeti, mizere yonse yadzaza, ndipo pakati pa teremu patulukira mwana wina amene dzina lake liyenera kukhala pakatikati pa tsamba. Pamenepo mphunzitsi ayenera kusankha: alembe dzinalo kumapeto ndi kupasula dongosolo, kapena akopere kaundula yense mwatsopano ndi kutayirapo madzulo athunthu. Ambiri amalemba kumapeto, ndipo palibe angawadzudzule. Koma ana otere akakwana khumi kapena makumi aŵiri, kaundula uja sathandizanso pofuna dzina mwamsanga, pakuti chala chiyenera kuyenda mzere ndi mzere mpaka pansi.

Vuto limeneli ndi laling'ono m'kalasi ya ana 80, koma linasoŵetsa tulo anthu amene anayamba kugwira ntchito ndi makompyuta m'zaka za m'ma 1950, pakuti iwo anali kusunga maina ndi manambala zikwi zambirimbiri, ndipo atsopano anali kubwera tsiku ndi tsiku. Iwo anafuna zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi: kuti dzina lipezeke msanga likafunidwa, ndiponso kuti dzina latsopano liloŵe pamalo pake popanda kusuntha anzake onse. Njira imene anaitulukira amaitcha binary search tree m'Chingerezi. M'Chicheŵa ingatchedwe mtengo wa mphanda, chifukwa nthambi yake iliyonse imagaŵika paŵiri pokha, monga mphanda yochirikizira nthochi.

Poyamba pafunika kumvetsa chimene dongosolo limapindulitsa. Munthu wofuna liu m'buku lotanthauzira mau satsegula tsamba loyamba ndi kuyamba kuŵerenga. Amatsegula pakati, naona ngati liu lakelo lili kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo theka lina la bukulo amalisiya osaliyang'ananso. Theka lotsalalo amaligaŵanso pakati, kaŵiri, katatu, kufikira liu litapezeka. A John Mauchly, mmodzi wa amisiri amene anapanga kompyuta yotchedwa ENIAC, anafotokoza njira imeneyi m'maphunziro amene anachitikira ku Philadelphia, m'dziko la America, m'chaka cha 1946. Mwa njirayi, maina 1,000 safuna mafunso opitirira 10, ndipo maina 1,000,000 safuna mafunso opitirira 20, pakuti maina akachuluka kaŵiri funso limangoonjezeka limodzi.

Komatu kutsegula pakati kumatheka pokhapokha maina akhale ondandalikana mothithikana, lina pambali pa linzake, kuti kompyuta iŵerengetse pamene pali pakati. Dzina latsopano likafika, zimakhala ngati anthu odzaza benchi m'tchalitchi pamene wina afuna kukhala pakati pawo: onse a mbali imodzi ayenera kusendera. Pa maina 1,000,000, dzina limodzi latsopano limasuntha anzake pafupifupi 500,000. Limeneli ndi vuto la mphunzitsi uja, koma litakula.

Keyala m'malo mwa mzere

M'kati mwa kompyuta muli mosungira zinthu, mmene akatswiri amati memory. Mosungiramo mungayerekezedwe ndi mabokosi a makalata a ku positi ofesi: ndi ambirimbiri, ofanana, ndipo lililonse lili ndi nambala yake, imene ndiyo keyala yake. Kompyuta ikapatsidwa nambala ya bokosi imafikapo nthaŵi yomweyo, kaya bokosilo lili pafupi kaya patali. M'bokosi mungaikidwe dzina la munthu kapena malikisi a mayeso, komanso mungaikidwe nambala ya bokosi lina. Nambala yotere, yosungidwa kuti iloze kumene kuli chinthu china, ndiyo amaitcha pointer, ndipo ndi bwino kuitchula cholozera.

Pakati pa 1955 ndi 1956, a Allen Newell, a Cliff Shaw ndi a Herbert Simon a ku America, pokonza pulogalamu yotchedwa Logic Theorist, anayamba kumangirira zinthu pamodzi ndi zolozera. Dzina lililonse linkaikidwa paliponse pamene papezeka malo, koma linkanyamula keyala ya dzina lotsatira, kotero kuti onse pamodzi anapanga unyolo. Zili ngati mlendo amene afunsa njira pakhomo loyamba, nalozeredwa khomo lachiŵiri, ndipo kumeneko nalozeredwa lachitatu. Kuika dzina latsopano pakati pa unyolo n'kosavuta: dzina la kumbuyo lipatsidwe keyala ya latsopanolo, ndipo latsopanolo litenge keyala ya lotsatira, basi. Palibe chosuntha. Koma apa ubwino wa kutsegula pakati watayika, chifukwa palibe khomo limene likudziŵa kumene kuli pakati pa mudzi. Lililonse likudziŵa mnansi wake mmodzi yekha, ndipo mlendo ayenera kugogoda makomo onse.

Motero panali njira ziŵiri, ina yabwino pofuna koma yoipa poika, ina yabwino poika koma yoipa pofuna. Maganizo amene anaziyanjanitsa ndi apafupi kotero kuti anthu angapo anawatulukira payekhapayekha m'zaka zoyandikana. M'chaka cha 1960 a P. F. Windley analemba za njirayi ku England, ndipo m'chaka chomwecho a Andrew Booth a pa Birkbeck College mu London, pamodzi ndi a Andrew Colin, anaifotokoza monga njira yopangira buku lotanthauzira mau m'kati mwa kompyuta. A Booth anali mmodzi wa oyamba kuyesa kumasulira zinenero ndi makina, ntchito yofuna kuti liu lililonse lipezeke mofulumira. Ku America, a Thomas Hibbard anatsatira m'chaka cha 1962. Maganizowo ndi aŵa: dzina lililonse linyamule makeyala aŵiri m'malo mwa imodzi, ina yoloza ku maina oyambirira kuposa ilo, ina yoloza ku maina otsatira.

Kachigawo kokhala ndi dzina ndi zolozera zake ziŵiri amakatcha node, liu lochokera ku Chilatini lotanthauza mfundo ya chingwe. Mfundo ndilo liu loyeneradi, monga mfundo za nsungwi pamene pamaphukira nthambi. Mfundo yoyamba imatchedwa muzu, zimene zilibe nthambi zimatchedwa masamba, ndipo mfundo imene iloza inzake imatchedwa kholo pamene yolozedwayo ndi mwana. Liu lakuti mtengo analiloŵetsa m'masamu ndi a Arthur Cayley a ku England m'chaka cha 1857, makompyuta kulibe. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri amajambula mtengo wawo muzu uli kumwamba ndipo masamba ali pansi, monga m'mene ena amanenera za mlambe. Chifukwa chake n'chapafupi: munthu amayamba kulemba pamwamba pa pepala, ndipo mtengowo umakulira kumene kuli malo.

Kubzala ndi kufufuza

Chitsanzo cha maina a maboma chingathandize, ndipo woŵerenga achita bwino kutenga pensulo ndi kujambula. Kompyuta ilandire maina asanu ndi aŵiri motere: Lilongwe, Dedza, Salima, Blantyre, Karonga, Mzimba, Zomba. Lilongwe, pokhala loyamba, lipeza palibe chilichonse, choncho likhala muzu. Kompyuta ilipezera malo, mwachitsanzo bokosi la nambala 300, ndipo zolozera zake zonse ziŵiri zikhala zopanda kanthu. Dedza lifika, liyerekezedwa ndi Lilongwe. D amayamba L asanafike, motero Dedza lipita kumanzere. Kompyuta ilipezera bokosi lina lililonse lopanda mwini, kaya la 720, ndipo nambala 720 ilembedwa m'cholozera cha kumanzere cha Lilongwe. Salima lipita kumanja, kaya m'bokosi la 115, ndipo 115 ilembedwa m'cholozera cha kumanja. Apa pazindikirike kuti manambala a mabokosi alibe dongosolo konse. Dongosolo lonse lagona m'zolozera.

Blantyre likafika liyamba pa muzu monga onse. Pa Lilongwe lipatukira kumanzere, pa Dedza lipatukiranso kumanzere, lipeza malo opanda kanthu, nilikhala pomwepo. Karonga lipatukira kumanzere pa Lilongwe, koma pa Dedza lipita kumanja, pakuti K amatsatira D. Mzimba lipita kumanja pa Lilongwe ndi kumanzere pa Salima. Zomba lipita kumanja kaŵiri. Mtengo watha, uli ndi mibadwo itatu: muzu umodzi, ana aŵiri, adzukulu anayi. Zilembo zoyamba zikafanana, kompyuta imayang'ana zotsatira, kotero kuti Machinga liyamba Mangochi lisanafike chifukwa cha chilembo chachitatu.

Lamulo la mtengowu ambiri amalimva theka, ndipo mapulogalamu awo amalakwika pa chifukwa chimenechi. Sikokwanira kuti mwana wa kumanzere akhale woyambirira kuposa kholo lake. Fuko lonse la kumanzere, ana, adzukulu ndi zidzukulu, liyenera kukhala loyambirira, ndipo fuko lonse la kumanja liyenera kukhala lotsatira. Karonga lili kumanja kwa Dedza, komabe lili m'fuko la kumanzere la Lilongwe, ndipo n'zoyenera, chifukwa K ali pakati pa D ndi L. Mzimba likadaikidwa pamalo amenewo, lamulo la pakati pa kholo ndi mwana likadasungika, koma wofuna Mzimba sakadalipeza, pakuti pa Lilongwe pomwe akadapatukira kumanja osabwereranso.

Kufufuza kumatsata njira yomweyo ya kubzala. Wofuna Mzimba afunsa mafunso atatu okha: Lilongwe, Salima, Mzimba. Maina a Dedza, Blantyre ndi Karonga sanayang'anidwe n'komwe, pakuti funso loyamba lomwelo linataya theka la mtengo. Wofuna Nsanje apita kumanja pa Lilongwe, kumanzere pa Salima, kumanja pa Mzimba, napeza malo opanda kanthu. Pamenepo ali ndi umboni wokwanira wakuti Nsanje mulibe, ngakhale sanaone maina onse. Ndipo malo opanda kanthu amene wawapezawo ndiwo malo enieni a Nsanje ngati afuna kuliika. Motero kufuna ndi kuika zasanduka ulendo umodzi, ndipo palibe dzina lakale limene lasuntha.

Cholozera chopanda kanthu chimene chatchulidwa kangapo chili ndi mbiri yakeyake. M'zinenero zambiri zolembera mapulogalamu amachitcha null. Ndi chofunika, pakuti ndicho chimauza kompyuta kuti njira yathera pano, komanso ndi choopsa, chifukwa pulogalamu ikaiŵala kufunsa ngati cholozera chili ndi kanthu, niyesa kutsegula bokosi limene kulibe, imagwa nthaŵi yomweyo. A Tony Hoare a ku Britain, amene anaika cholozera chotere m'chinenero cha ALGOL W m'chaka cha 1965, anavomera poyera mu London m'chaka cha 2009 kuti kumeneko kunali kulakwa kumene kwatayitsa anthu ndalama zosaŵerengeka. Wophunzira aliyense wolemba mtengo wake woyamba amagwa m'mbuna imeneyi, kaŵirikaŵiri pa mtengo umene ulibe n'komwe muzu.

Pali chinthu china chokoma m'mtengowu. Munthu akadula nthambi ya kumanja ya Lilongwe, adzaona kuti Salima ndi ana ake ndi mtengo wathunthu pawokha, wosunga lamulo lomwelo. Chifukwa cha ichi, malangizo opita kwa kompyuta amafupika kwambiri. Pofuna kusindikiza maina onse motsata alifabeti, malangizo ake ndi aŵa: ngati mtengo ulibe kanthu, usachite chilichonse, ngati uli ndi kanthu, yamba wasindikiza mtengo wa kumanzere mwa malangizo omweŵa, kenaka dzina la pa muzu, kenaka mtengo wa kumanja mwa malangizo omweŵanso. Malangizo akudziitana okha, ndipo sapita mpaka kalekale chifukwa mtengo umacheperachepera kufikira pa cholozera chopanda kanthu. Pa mtengo uja, Nsanje litaikidwa, patuluka Blantyre, Dedza, Karonga, Lilongwe, Mzimba, Nsanje, Salima, Zomba, ngakhale mainawo analoŵa mosokonezeka.

Anthu ambiri anaphunzira mtengo wa mphanda m'buku la a Brian Kernighan ndi a Dennis Ritchie lophunzitsa chinenero cha C, limene linatuluka m'chaka cha 1978. M'menemo muli pulogalamu yoŵerenga kuti liu lililonse lapezeka kangati m'nkhani yolembedwa. Wolemba pulogalamu sadziŵiratu kuti mau adzakhala angati kapena otani, choncho sangawakonzeretu mzere. Mfundo iliyonse ili ndi zigawo zinayi: liu, chiŵerengero chake, ndi zolozera ziŵiri. Liu likafika ndi kupeza linzake lofanana nalo, silibzalidwanso. Chiŵerengero chokha ndicho chimakwera. Likakhala lachilendo, pulogalamu imapempha malo atsopano kwa kompyuta, niimangirira mfundo yatsopano. Zolozerazo zili ndi mtengo wake wogulira: pa makompyuta ambiri a masiku ano cholozera chimodzi chimadya mabayiti 8, kotero kuti maina 1,000,000 amawononga mabayiti 16,000,000 pa zolozera zokha.

Phindu lake limaoneka poŵerenga mibadwo. Mtengo wodzaza bwino wa mibadwo itatu usunga maina 7, wa mibadwo 10 usunga 1,023, ndipo wa mibadwo 20 usunga 1,048,575. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malaŵi. Onseŵa akadaikidwa m'mtengo wolingana bwino, aliyense ndi nambala yake, mibadwo 25 ikadakwanira, ndipo munthu aliyense, kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje, akadapezeka ndi mafunso osapitirira 25.

Dongosolo likasanduka msampha

Mau akuti wolingana bwino ndiwo abisa vuto lalikulu. Maonekedwe a mtengo amadalira m'mene maina afikira. Maina asanu ndi aŵiri omwe aja afike motsata alifabeti, kuyambira Blantyre. Blantyre likhala muzu. Dedza lipita kumanja kwake. Karonga lipita kumanja kwa Blantyre ndi kumanja kwa Dedza. Lilongwe, Mzimba, Salima ndi Zomba achita chimodzimodzi, aliyense kumanja kwa mnzake. Zolozera zonse za kumanzere zikhala zopanda kanthu, ndipo chimene chamera si mtengo wa mphanda koma chilambe chotaŵa mbali imodzi, cha mibadwo isanu ndi iŵiri. Wofuna Zomba ayenera kudutsa maina onse. Lamulo silinaswedwe paliponse, mayankho onse ndi oona, koma liŵiro lija latha.

Choŵaŵa n'chakuti maina ondandalikidwa kale si chinthu chachilendo. Kaundula wa sukulu amakhala motsata alifabeti, manambala a malisiti amakwera limodzilimodzi, masiku amatsatana. Kalaliki wakhama amene wayamba wakonza maina ake asanawaloŵetse ndiye amene amaononga mtengo, pamene mnzake wosasamala amaukomera. Masamu amasonyeza kuti maina 1,000,000 akaloŵa mosakanizika kotheratu, kupeza limodzi kumafuna mafunso pafupifupi 26, poyerekeza ndi pafupifupi 19 a mtengo wolingana bwino. Kusiyana kumeneku n'kopiririka. Koma akaloŵa motsata dongosolo, kupeza limodzi kumafuna mafunso pafupifupi 500,000, ndipo kubzala mtengo wonse kumafuna mafunso pafupifupi 500,000,000,000. Kompyuta yofunsa mafunso 100,000,000 pa sekondi ingatenge mphindi zoposa 80 pa ntchito imene ikadatha sekondi isanakwane. Malangizo odziitana okha aja nawonso angagwetse pulogalamu pa mtengo wotere, chifukwa kompyuta iyenera kukumbukira malo onse amene idzabwerere, ndipo malo okumbukirirapo amatha.

A Kernighan ndi a Ritchie anachenjeza aŵerengi awo za msampha umenewu m'buku lomwe lija. Ndipo si ngozi yokha imene ingaubweretse. M'chaka cha 2003 a Scott Crosby ndi a Dan Wallach a pa Rice University ku America anasonyeza kuti munthu wa mtima woipa angasankhe dala zinthu zotumiza ku kompyuta ya wina pa intaneti, kuti mosungira mwake musanduke unyolo wautali, kompyutayo niilephera kutumikira anthu ena. Pulogalamu yoyesedwa ndi maina ochepa imaoneka yabwino, ndipo chilema chake chimaonekera itayamba kale kudaliridwa.

Mankhwala ochokera ku Moscow

Yankho loyamba linachokera ku Soviet Union m'chaka cha 1962, kwa akatswiri a masamu aŵiri a ku Moscow, a Georgy Adelson-Velsky ndi a Evgenii Landis. Mtengo wawo umatchedwa AVL, kuchokera ku zilembo za maina awo. Iwo anaonjezera lamulo limodzi: pa mfundo iliyonse, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zisasiyane kutalika koposa m'badwo umodzi. Mfundo iliyonse imasunga kachizindikiro kosonyeza mbali imene yalemera, ndipo dzina latsopano likapendeketsa mtengo kupitirira muyeso, kompyuta imautembenuza pamalo pomwepo.

Kutembenuzako kumamveka bwino ndi maina atatu. Blantyre, Dedza ndi Karonga aloŵa motsatana, ndipo Blantyre lili ndi mibadwo iŵiri kumanja, kumanzere kulibe. Kompyuta ikweza Dedza kukhala kholo, niitsitsa Blantyre kukhala mwana wake wa kumanzere, Karonga nilitsala kumanja. Dedza likadakhala kale ndi mwana kumanzere, mwanayo akadaperekedwa kwa Blantyre kuti akhale wa kumanja kwake, pakuti dzina lotere lili pakati pa aŵiriwo. Palibe dzina limene lachoka m'bokosi lake. Zasintha ndi zolozera ziŵiri kapena zitatu zokha, ndipo dongosolo la alifabeti lili chikhalire. Nthaŵi zina, pamene mtengo wapindikira kumanja kenaka kumanzere, pamafunika kutembenuza kaŵiri. Ndi ntchito yochepa imeneyi, mtengo wa AVL wa maina 1,000,000 sungapitirire mibadwo 28, afike m'dongosolo lotani. A Adelson-Velsky anadziŵikanso pambuyo pake ndi pulogalamu yoseŵera chess yotchedwa Kaissa, imene inapambana mpikisano woyamba wa dziko lonse wa makompyuta ku Stockholm m'chaka cha 1974.

Ena anatsata ndi njira zawo. A Rudolf Bayer a ku Germany anafotokoza mtundu wina m'chaka cha 1972, ndipo a Leonidas Guibas ndi a Robert Sedgewick anaukonzanso m'chaka cha 1978 naupatsa dzina lakuti red-black tree, chifukwa mfundo zake zimapatsidwa chizindikiro chofiira kapena chakuda. Umenewu umalola kupendekeka pang'ono kuposa AVL, mpaka mibadwo pafupifupi 40 pa maina 1,000,000, koma sufuna kutembenuza kwambiri pochotsa maina, ndipo ndiwo umene wafala.

Kuchotsako ndiyo ntchito yovuta kuposa zonse, ndipo a Hibbard ndiwo anaifotokoza m'chaka cha 1962. Tsamba limangothotholedwa, cholozera cha kholo lake nichikhala chopanda kanthu. Mfundo ya mwana mmodzi ikachoka, mwanayo amaloŵa m'malo mwake. Koma bwanji Lilongwe, limene lili ndi mafuko aŵiri? Woloŵa m'malo ayenera kukhala wotsatira kuposa onse a kumanzere ndi woyambirira kuposa onse otsala a kumanja. Dzina lotere limapezeka popita kumanja kamodzi, kenaka kumanzere mpaka njira itatha: Salima, kenaka Mzimba. Mzimba likwera kukakhala muzu, ndipo Nsanje, limene linali mwana wake wa kumanja, litenga malo ake pansi pa Salima. Njirayi ndi yolondola, koma ili ndi kachilema kamene kanabisika zaka zambiri. Popeza woloŵa m'malo amatengedwa kumanja nthaŵi zonse, mtengo umene uchotsedwa ndi kuonjezedwa maina kwa nthaŵi yaitali umayamba kulemera mbali imodzi. A Jeffrey Eppinger anasonyeza zimenezi mwa kuyesa pa kompyuta m'chaka cha 1983, ndipo anapeza kuti kusinthanitsa, lero kutenga kumanja maŵa kumanzere, kumathandiza.

Maina akachuluka kotero kuti ayenera kusungidwa pa disiki, mtengo wa mphanda sukwanira, chifukwa kutsata cholozera chilichonse kumakhala ulendo wopita ku disiki, umene ndi wochedwa. Pa chifukwa chimenechi a Bayer ndi a Edward McCreight, akugwira ntchito ku kampani ya Boeing, anakonza m'chaka cha 1970 mtengo wotchedwa B-tree, umene mfundo yake imodzi imasunga maina ambirimbiri ndi kukhala ndi nthambi zambiri. Mtengo wotere ndi waufupi ndi wotambalala ngati kachere, ndipo maina mamiliyoni amakwana m'mibadwo itatu kapena inayi.

Mitengo imeneyi ili pafupi ndi aŵerengi kuposa m'mene angaganizire. Mafoni a Android amayendera pa pulogalamu yaikulu yotchedwa Linux, imene iyenera kusankha, kambirimbiri pa sekondi, ntchito imene ipatsidwe mpata. M'chaka cha 2007 a Ingo Molnár anakonza kuti ntchito zodikira zisungidwe m'mtengo wofiira ndi wakuda uja, zondandalikidwa monga mwa nthaŵi imene iliyonse yadya kale, ndipo ya kumanzere kwenikweni, yomanidwa kuposa zonse, ndiyo inkasankhidwa. Kasankhidwe kameneka kanasinthidwa m'chaka cha 2023, koma mtengowo unatsala. Maina a anthu osungidwa m'mafoni omwewo amakhala m'pulogalamu ya SQLite, imene imagwiritsa ntchito B-tree.

Zonsezi zingaphunzitsidwe pa sukulu imene ilibe kompyuta ngakhale magetsi. Ana atuluke pabwalo, aliyense atanyamula pepala la dzina lake. Woyamba aime kutsogolo kukhala muzu. Wachiŵiri amfikire, ayerekeze maina, ndipo ngati dzina lake ndi loyambirira aime kumbali ya dzanja lamanzere la mnzakeyo, ngati ndi lotsatira aime kumbali ya dzanja lamanja, muzuwo nimloza ndi dzanja limenelo. Aliyense wobwera ayambe pa muzu ndi kutsata manja kufikira atapeza dzanja lolendeŵera. Mwana aliyense aloledwe kudziŵa aŵiri okha amene akuwaloza. Onse ataima, mphunzitsi atchule dzina, ndipo mwana wina alifune akuŵerenga mafunso mokweza. M'kalasi ya ana 80 oitanidwa mosakaniza, ambiri adzapezeka ndi mafunso asanu ndi aŵiri kapena asanu ndi atatu. Kenaka onse abalalike, ndipo mphunzitsi awaitanenso mmodzimmodzi kuchokera m'kaundula, kuyambira A. Manja onse amanzere adzalendeŵera, mzere udzatalika kulinga kumalire a bwalo, ndipo mwana wotsiriza m'kaundula adzayenera kufunsa anzake onse 79 asanapeze poima.